Musanagule telesikopu, yang'anani kaye mwezi

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti akufuna kupita ndi ana awo awiri kumapiri, kutali ndi magetsi a m'tauni, kuti akaone nyenyezi bwinobwino. Akufunsa kuti agule telesikopu yotani, nanga ulendowo aukonze liti.

Mayi, za telesikopuzo ziikeni kaye pambali. Chimene chimaononga maulendo otere kawirikawiri ndi mwezi. Mutha kukwera phiri la mdima wandiweyani, koma mwezi ukakhala wathunthu thambo lonse limangoti mbuu, nyenyezi zing'onozing'ono osaonekanso. Mwezi umatha masiku 29 ndi theka kuti ubwererenso pamene unayambira, ndipo tsiku lililonse umachedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50. Pakatha sabata imodzi chikhalireni wathunthu, umatuluka cha pakati pa usiku, ndiye kuti madzulo onse ndi anu. Kuyambira pamenepo mpaka masiku awiri kapena atatu mwezi watsopano utaoneka, imeneyo ndiye nthawi yonyamuka. Pulogalamu yaulere ya Stellarium idzakuonetsani zonsezi pafoni, koma muiike mukadali kunyumba poti kumapiri netiweki imavuta.

Sankhani nyengo yopanda mvula, ndipo ngati n'kotheka mukagoneko masiku awiri. Mapiri amakonda nkhungu. Kumatha kuda kuli ngwee, pofika 9 koloko osaona ngakhale mtengo uli pafupi. Pakati pa Mlalang'amba, pamene pali nyenyezi zothithikana kwambiri, pamaoneka bwino madzulo kuyambira June mpaka August. Ngati muli kumwera kwa equator, funaninso timitambo tiwiri totuwa totchedwa Magellanic Clouds. Si mitambo ya mvula ayi, ndi milalang'amba ina yoyandikana ndi wathuwu. Ana akafuna nyenyezi zothothoka, usiku wa pa 13 ndi 14 December kumakhala za Geminids, ndipo cha pa 12 ndi 13 August za Perseids, ngakhale izi zimakomera kwambiri a kumpoto kwa equator.

Tsopano nkhani ya maso, imene ambiri amaipeputsa. Diso limafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima. Mwana mmodzi akangoyatsa foni, kapena wina kuwalitsa nyali za galimoto, nonse mwayambiranso. Kutani tochi ndi kapepala kapena kansalu kofiira, chifukwa kuwala kofiira kofooka sikusokoneza maso kwenikweni. Auzeni anawo lamuloli musananyamuke; mkangano wa foni mumdima ndi wosautsa.

Kuzizira musakuderere. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo usiku wopanda mitambo, umene mukuufunawo, ndi umenenso umazizira koposa. Munthu woonera nyenyezi sayendayenda, amangogona chagada, choncho chisanu chimamulowa msanga. Tengani zipewa, masokosi, mabulangete ndi choyala chosalowa mame.

Nanga telesikopu ija? Kwa ulendo woyamba, ine ndingati musagule. Yotsika mtengo imagwedera, imaonetsa kachigawo kakang'ono ka thambo, ndipo mudzatha usiku wonse mukulimbana nayo ana atagona kalekale. Ma binoculars a 7x50 kapena 10x50 ndi okwanira. Mukawakhazika pa chinthu cholimba mutha kuona timadontho pambali pa Jupiter, yomwe ndi miyezi yake inayi imene Galileo anaiona mu 1610. Lozaninso pa kagulu ka nyenyezi kotchedwa Nsangwe: maso amaona nyenyezi 6 kapena 7, koma m'magalasimo zimachuluka kwabasi.

Mufike kukadali kowala kuti muone maenje ndi maphompho, ndiponso mupeze malo oyera opanda mitengo yotchinga. Pemphani chilolezo kwa eni malo kapena oyang'anira nkhalango, afunseni za nyama zakumaloko, ndipo wina wotsala kunyumba adziwe komwe mwagona ndi tsiku lomwe mubwerere.