Tenshona ya Twin Cam 88: ndiike magiya, zida za oyilo, kapena ndingosintha tinsapato?

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa mbale wathu wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndi yokhudza njinga yamoto. Ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa:

"Ndagula Harley-Davidson Road King ya 2003, yoti yayendapo kale makilomita 62,000. Ikulira bwinobwino, palibe chimene chikugogoda. Koma aliyense amene waiona akundiuza za tenshona ya tcheni cha camshaft. Anzanga akuti ndichotse matcheni ndiike magiya, makaniko akuti ndigule tenshona yokankhidwa ndi oyilo. Kodi anthuwa sakungofuna kundidyera ndalama? Mu Disembala ndikufuna kupita nayo kumudzi."

Achimwene, anthuwo sakukunamizani. Vutoli lilipo ndithu, ndipo aliyense amene amakonza njinga za mtundu umenewu amalidziwa. Chimene ndikukana ine ndi chakuti mugule zida injini isanatsegulidwe. Anzanu aja ndi makaniko uja onse akukupatsani mankhwala asanamuone wodwala, pamene pali zinthu ziwiri zoti zionedwe ndi maso ndi kuyezedwa kaye. Zimenezo ndi zimene zidzakuuzeni choti mugule.

Injini yanuyo ndi Twin Cam 88, ya 1450cc, imene inayamba kutuluka pa njinga za 1999 kulowa m'malo mwa injini yakale yotchedwa Evolution. Evolution inali ndi camshaft imodzi (chitsulo chozungulira chimene chimachititsa kuti mavavu azitseguka ndi kutsekeka) yozungulitsidwa ndi magiya, choncho nkhani ya tenshona kunalibe. Twin Cam ili ndi ziwiri, ina ya silinda yakutsogolo, ina ya yakumbuyo, ndipo zimayenda ndi matcheni awiri. Mukachotsa chivundikiro cha kumunsi, mbali ya kumanja kwa injini, tcheni choyamba mumachiona pomwepo, chikuchokera ku nsonga ya crankshaft, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amazungulitsa, kupita ku camshaft yakumbuyo. Chachiwiri chinabisala kuseri kwa cam plate, chitsulo chophwatalala chimene chimagwira ma camshaft onse awiri, ndipo ntchito yake ndi kulumikiza yakumbuyo ija ndi yakutsogolo.

Tcheni chilichonse chili ndi tenshona yake yochikunga kuti chisakhwepe: kamkono kachitsulo, sipuling'i yolimba kwambiri, ndi kansapato kapulasitiki kamene kamatsamira pamsana pa tchenicho. Sipuling'iyo siidziwa kupuma. Kaya injini ikungolira mutaima, kaya mukuthamanga pa msewu waukulu wa N1, imakankhabe mwamphamvu, ndipo msana wa tcheniwo, wopangidwa ndi tizitsulo tambirimbiri tosanjikizana, umangopala pulasitikiyo. Taganizani labala wa buleki ya njinga yakapalasa atagwira limu ulendo wonse osasiya. Kutha ndiye atha basi, funso ndi lakuti liti.

Kansapato kaja kamayamba ndi kukumbika tingalande, kenako timaenje, kenako kamayamba kubenthuka. Tizibenthu timeneto tilibe kolowera kwina koma mu oyilo. Pampu ya oyilo ili pomwepo, kuseri kwa cam plate, ndiye imatikoka, timakanda mkati mwake, tina n'kukatseka tinjira ta oyilo. Pulasitiki ikatheratu, chitsulo cha kamkono kaja chimayamba kudyana ndi tcheni, ndipo fumbi lachitsulo limayenda injini yonse. Apa ntchito imene ikanatha ndi tinsapato tiwiri yasanduka yophwasula injini yathunthu.

Mwati njinga ikulira bwino. Mawu amenewo ndi amene andidetsa nkhawa m'kalata yanu yonse, chifukwa kansapato kotsala pang'ono kubooka kamalira chimodzimodzi ndi katsopano. Nthawi zambiri phokoso limabwera zinthu zitaonongeka kale, ndipo pa Harley, ndi mkokomo wa ekizozi uja, mwinanso simungalimve n'komwe. Makilomita nawonso sakuthandizani kwenikweni. Pali njinga zimene tinsapato timatha msanga modabwitsa, pali zina zimene timapirira mtunda wautali zedi, zonse za chaka chimodzi. Ndiye chifukwa chake amakaniko ambiri odziwa injinizi amati muzitsegula n'kuona pa makilomita pafupifupi 40,000 aliwonse. Yanu yapitirira kale pamenepo, ndipo simukudziwa zimene eni ake akale anachita.

Tsono chinthu choyamba n'kuona. Paipi ya ekizozi imachotsedwa kuti chivundikiro chituluke. Kansapato kakunja kamaonekera mosavuta. Kamkati kamafuna tochi ndi kagalasi kakang'ono ka pa ndodo, konga ka dokotala wa mano, kokasuzumirira kuseri kwa cam plate. Imani pomwepo pamene akuchita zimenezi, muone nokha. Makaniko akaona kakunja kokha n'kunena kuti zili bwino, musavomere, chifukwa kawirikawiri kamkati ndi kamene kamakhala kataphwanyika pamene kakunja kakuoneka kabwino. Ngati ngalande yafika theka la kuchindikala kwa pulasitiki, kapena mwaona timaenje ndi ming'alu, kansapatoko katha ntchito. Muuzeninso adule fyuluta ya oyilo yakale, atambasule pepala lamkati lija padzuwa. Mukaona tizidutswa tapulasitiki tofiirira m'mapindo mwake, dziwani kuti zinyenyeswazo zayamba kale kuyendayenda, ndipo thanki ya oyilo ndi mapaipi ake zifunika kutsukidwa.

N'kuthekanso kuti mukatsegula mupeza kuti wina anasintha kale. Njinga ya zaka zoposa 20 yadutsa m'manja ambiri. Mukaona sipuling'i yopiringizika poyera, ndiye kuti ndi zakale zomwe zija. Mukaona kabokosi kakang'ono komangidwa ndi mabawuti awiri, kopanda sipuling'i yoonekera, ndiye kuti ya oyilo ilimo kale, ndalama zanu zapulumuka.

Chinthu chachiwiri n'kuyeza, ndipo apa ndi pamene nkhani ya magiya imagona. Nsonga ya crankshaft imene imatulukira mbali imeneyi siizungulira mowongoka ndendende, imagwedezeka pang'ono. Makaniko amachotsa cam plate, n'kuika dial indicator, chida choyezera chokhala ndi singano ngati ya wotchi, pansongapo, n'kuzungulitsa injini pang'onopang'ono ndi manja mapulagi atachotsa, diso lili pa singano. Opanga magiya, monga S&S ndi Andrews, amafuna kugwedezekako kusapitirire mainchi 0.003, amene ndi mamilimita osakwana 0.08. Ndi kanthu kochepa ngati kuchindikala kwa tsitsi limodzi, koma magiya amakamva. Tcheni chimalolera, chimatha kukhwepa ndi kukungika mogwirizana ndi kugwedezekako. Magiya salolera. Nsonga ikamavina, mano amakanikizana mbali imodzi n'kutalikirana mbali ina pa kuzungulira kulikonse. Zotsatira zake ndi kulira kwa mluzu, kugogoda, ndipo zikafika poipa mano amabenthuka.

Chaka cha njinga yanu chili ndi mbali pa nkhaniyi. Kuyambira 2003 fakitale inasiya kuika bering'i ya mtundu wa Timken kumanzere kwa crankshaft n'kuyamba kuika ya mtundu wina, ndipo amakaniko ambiri amati injini za kuyambira pamenepo ndi zimene zimapezeka ndi kugwedezeka kochulukirapo kuposa za 1999 mpaka 2002. Sizikutanthauza kuti yanu ndi yokhota. Zikutanthauza kuti mnzanu amene magiya akumuyendera bwino pa njinga ya 2001 si umboni wa zimene zingachitike pa yanu. Nambala imene singano ionetse muilembe papepala, muisunge.

Magiya ndimawalemekeza. Akaikidwa bwino pa crankshaft yowongoka, tenshona mwatsanzikana nayo mpaka kalekale, palibenso pulasitiki yoti ithe. Koma ndi njira yodula, chifukwa mumagulanso ma camshaft atsopano ogwirizana ndi magiyawo, ndipo imafuna munthu wodekha woti ayeze kampata ka pakati pa mano, nthawi zina mpaka kuitanitsa giya yokulirapo kapena yocheperapo pang'ono kuti zigwirizane. Ngakhale zitayenda bwino, kaphokoso ka magiya kamamvekabe. Ena amakakonda, ena kamawasowetsa mtendere.

Njira imene makaniko wanu akunena ndi imene fakitale yomwe inatsata. Pa njinga za Harley za mtundu wa Dyna za 2006, kenako pa Twin Cam zonse kuyambira 2007, anaika matenshona okankhidwa ndi mphamvu ya oyilo, matcheni a mtundu wina osalala pamsana, ndi pampu yamphamvupo. Tenshona yotere siikanikiza tcheni mwankhanza ngati sipuling'i ija, choncho kansapato kamakhalitsa kwambiri. Pa injini yakale ngati yanu pali njira ziwiri zofikira kumeneko. Pali zida za Harley yomwe, zotchedwa Screamin' Eagle, zimene zimabwera ndi cam plate yatsopano, pampu yatsopano ndi matenshona a oyilo, inu n'kusunga ma camshaft anu omwewo. Pamenepa tcheni chamkati chimakhalabe cha mtundu wakale uja. Palinso kusinthiratu zonse kuti zifanane ndi za 2007, matcheni onse awiri, koma zimenezi zimafuna ma camshaft opangidwira kusinthaku, monga amene Andrews amapanga. Mudziwe chinthu chimodzi: pulasitiki ikadalimo. Mudzafunikabe kumasuzumira mwa apo ndi apo, kungoti osati ndi mtima uli m'mwamba.

Njira yotchipa ndi kungosintha tinsapato, ndipo musalole munthu akuchititseni manyazi nayo. Pali tinsapato ta makampani ena, monga Cyco, timene amakaniko ambiri amatiyamikira kuti timapirira kuposa takale tija. Tcheni chimene chayenda makilomita 62,000 chinasalala kale pamsana, sichipala ngati chatsopano. Ngati thumba lavuta, ikani timeneti, mulembe makilomita, mudzatsegulenso nthawi ikakwana.

Mwandifunsa maganizo anga, ndiye nawa. Singano ikaonetsa kupitirira 0.003, magiya aiwaleni, ngakhale anzanu anene chotani. Ikaonetsa pansi pa pamenepo, magiya ndi otheka, komabe pa njinga ngati yanu, yosakhudzidwa mkati, yoti ntchito yake ndi kunyamula inu ndi katundu pa maulendo ataliatali, ine ndingasankhe zida za oyilo. Chifukwa chachikulu si tenshona yokha, ndi pampu yatsopano ija. Ganizirani njira yanu: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kenako Tete mu Disembala, musanakwere ku Zobue ndi kulowa pa Mwanza. Injini imeneyi imazizira ndi mphepo basi. Pa kutentha kwa ku Tete, kapena pa mzere wa pa boda mukusuntha pang'onopang'ono, oyilo amapyapyala ndipo mphamvu yake imatsika injini ikamalira motsitsa. Pampu yabwino pamenepo ndi bwenzi lenileni. Ndipo pakaonongeka kanthu m'njira imeneyo, musayembekezere kupeza masipeya a Twin Cam pafupi. Ntchitoyi ithere ku Joni komweko kumene zida zili.

Poti m'kati mwatsegulidwa kale, pali zina zoti zisinthiretu limodzi, chifukwa kulipira ntchito yomweyo kawiri n'kopweteka. Mabering'i awiri amkati amene amalandira nsonga za ma camshaft asinthidwe, ndipo ambiri amaika a mtundu wa Torrington, nambala B148, amene ali ndi timasingano todzaza bwalo lonse. Amafuna chida chake chozulira ndi cholowetsera, osati nyundo ndi sukuludiraiva, chifukwa kasingano kamodzi kakagwera m'kati mwa injini mwaputa ntchito ina yaikulu. Ma lifter, tizitsulo totsamira pa camshaft timene timakankha ndodo zotsegula mavavu, pa makilomita amenewa ndi bwino kuika atsopano. Timalabala tozungulira ta pakati pa pampu, cam plate ndi thupi la injini tonse tikhale tatsopano, ndipo pomanga pampu azizungulitsa injini kuti pampuyo ikhazikike pakati penipeni asanalimbitse mabawuti. Kalabala kamodzi kakatsinidwa kapena kuiwalika, oyilo amadzadza pansi pa injini, njinga n'kumalemera ndi kutentha, inu n'kumadabwa kuti zida zatsopano zalakwa pati.

Adzakufunsaninso za ma pushrod, ndodo zotsegula mavavu zija. Njira yachidule ndi kudula akale n'kuika otheka kufupikitsa ndi kutalikitsa, kuti asatsegule pamwamba pa injini. Njira yaitali ndi kuchotsa thanki ya petulo ndi zivundikiro za pamwamba n'kusolola akalewo ali athunthu. Zonse ndi zabwino. Yoyamba imadya ndalama za zida, yachiwiri imadya za maola a makaniko, ndiye muwerengetsere nokha. Koma wina akakunyengererani kuti poti tatsegula kale tiikiretu ma camshaft owonjezera mphamvu, dziwani kuti zimenezo zimakoka zinzake, kuphatikizapo kukonzanso kayendedwe ka petulo. Ulendo uli pafupi, ino si nthawi yake.

Ndikudziwa kuti ambiri owerenga pano alibe Harley, ali ndi njinga za kabaza. Inu nkhani yanu ndi yopepukirapo. Injini zotengera Honda CG125 zilibe tcheni cha camshaft, zimayendera ma pushrod. Zimene zili ndi tcheni, monga Boxer, zili ndi tenshona imodzi, ndipo ikafooka imachenjeza ndi phokoso la waya-waya m'mbali mwa silinda, makamaka m'mawa injini ili yozizira. Musalizolowere phokosolo, chifukwa tcheni chikalumpha mano, mavavu akhoza kukumana ndi pisitoni.

Tibwerere kwa inu, achimwene. Makaniko woti mumupatse ntchitoyi mumufunse kaye ngati ali ndi dial indicator ndi chida cha mabering'i amkati. Akayamba kuzungulira poyankha, kafuneni wina. Zida zakale zonse akubwezereni m'manja, makamaka tinsapato tiwiri tija, ndipo malisiti muwasunge, adzakuthandizani tsiku logulitsa njingayo. Injini ikalizidwa koyamba, nyali ya oyilo izime m'kanthawi kochepa. Ikakhala yoyaka, azimitse msanga afufuze. Ndipo ntchitoyi isachitike sabata yonyamuka. Ichitike mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, muyende nayo makilomita mazana angapo komweko ku Gauteng, injini itenthe n'kuzizira kangapo, kenako musinthe oyilo ndi fyuluta, mudulenso fyulutayo muone ngati pepala lake lili loyera. Mukatero mundilembere nambala imene singano inaonetsa ndi mmene kansapato kamkati kanalili.