Funsani Azakhali: Mwana akufuna phwando la Mario, koma ma controller ndi awiri okha

Azakhali,

Mwana wanga wamwamuna akwanitsa zaka 6 mwezi wamawa, ndipo chiyambire chaka chino nkhani yake ndi imodzi: akufuna phwando la Mario. Pakhomo pano tili ndi Nintendo Switch imodzi, makina osewerera magemu pa TV, ndi ma controller awiri ogwira m'manja posewera. Wandipatsa kale mayina a anzake 12, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 4, wamkulu 7. Bambo ake akuti palibe chovuta, tidzangoyatsa TV ana azipikisana pa Mario Kart, wopambana adzalandire mphatso. Msuweni wake wa zaka 13 naye akuti adzabwera ndi gemu ina yotchedwa Fortnite kuti zinthu zidzakome. Ine magemu sindiwadziwa, ndimangomva phokoso lake ndili kuchipinda china. Ndiyambire pati? Sindikufuna kuti tsiku la mwana wanga lidzathere m'misozi.

Mayi wa mwana mmodzi

Mayi,

Tiyeni tiyambe tawerengera limodzi. Ana adzakhalapo 13 tikaphatikiza mwini tsiku. Mpikisano umodzi wa Mario Kart, kuyambira pamene ana akulimbana posankha galimoto mpaka kukafika kumapeto, umadya mphindi ngati zisanu. Akamasewera awiriawiri, pafunika maulendo 7 kuti aliyense agwireko controller kamodzi. Ndiye kuti mwana adzasewera mphindi zisanu, n'kukhala theka la ola akungoyang'ana anzake. Munthu wamkulu atha kupirira zimenezo, koma mwana wa zaka 4 sangathe, ndipo si mlandu wake.

Ndikunena zimene ndinaziona m'nyumba mwanga momwe. Mdzukulu wanga atakwanitsa zaka 5 tinachita ndendende zimene bambo akuganizazi. Ana 9 anakhala pansi kutsogolo kwa TV, ife akuluakulu tikuti ntchito yatha. Pasanathe mphindi khumi, mnyamata wina wa zaka 8 anali atakumbatira controller pachifuwa, osafuna kupatsa wina aliyense. Mdzukulu wanga anapikisana naye katatu, katatu konseko n'kugonja anzake akuona. Anadzuka osalankhula n'kukabisala kuseri kwa mpando, ndipo nthawi yozimitsa makandulo itakwana anakana kutuluka. Ndinkangoona timapazi take titatulukira, tili m'masokosi ofiira amene anasankha yekha m'mawa kuti afanane ndi Mario. Tinamunyengerera, zinakanika. Anamutulutsa ndi kamtsikana kena kamene kanapeza katoni yaikulu yopanda kanthu pakhonde. Kanaitsegula mbali zonse ziwiri n'kuyamba kukwawa mkati, kakufuula kuti ndi paipi ya Mario. Ana onse anasiya TV ikulira yokha n'kukandanda pa katoniyo. Mwini tsiku naye anatuluka, maso ali psuu, n'kukaima pamzere.

Kuyambira tsiku limenelo ndinamvetsa kuti mwana akamati akufuna phwando la Mario, amalakalaka kuti iyeyo akhale Mario kwa tsiku limodzi, anzake akuona. Choncho itulutseni gemuyo mu TV muiyale pansi, ana aisewere ndi miyendo yawo.

Mwati magemu simuwadziwa, koma iyi siyovuta. Super Mario Bros. inatuluka mu 1985 ku kampani ya Nintendo ya ku Japan, ndipo amene anatsogolera ntchitoyo ndi Shigeru Miyamoto. Magemu a Mario achuluka chichokereni nthawiyo, koma zimene ana amakonda n'zomwezija. Mario amavala chipewa chofiira cholembedwa M, m'bale wake Luigi chobiriwira cholembedwa L, ndipo onse ali ndi ndevu zapamlomo. Mario amathamanga, amalumpha maenje, amalowa m'mapaipi obiriwira. M'mwamba mumakhala timabokosi tachikasu tokhala ndi chizindikiro cha funso, ndipo akalumpha n'kumenya kamodzi chapansi, mumatuluka ndalama yachitsulo kapena bowa amene amamukulitsa. Akatolera ndalama 100 amapatsidwa moyo wina. Kumapeto kuli Bowser, chilombo chooneka ngati kamba wamkulu waminga pamsana, chimene chinaba Peach, mwana wamkazi wachifumu. Nkhani yonse ndi imeneyo. Madzulo ano khalani pafupi ndi mwana wanu, asewere inu mukuonerera kwa mphindi khumi, kenako mumufunse chimene chimamusangalatsa koposa. Adzakuphunzitsani monyadira, ndipo chimene atchule ndicho muchulutse pa phwandolo.

Yambani lero kusunga makatoni. Aakulu awiri kapena atatu muwatsegule mbali zonse n'kuwapaka penti yobiriwira, mapaipi ndi amenewo. Maenje mujambule pansi ndi choko kapena mumate tepi, ndipo kumapeto kwa njira muimike ndodo yokhala ndi mbendera, chifukwa mu gemu muja gawo limathera pa mtengo wa mbendera. Koma mtima wanu wonse uikeni pa mabokosi achikasu aja. Tengani makatoni ang'onoang'ono, muwapake penti yachikasu, mulembe chizindikiro cha funso choyera mbali zonse. Pansi pake mudulepo n'kumatapo pepala lopyapyala lokha, mkati muikemo ndalama zamapepala, kenako mumangirire pachingwe, anayi pa nthawi imodzi. Kutalika kwa chingwe muyese ndi mwana wamfupi kwambiri kuti naye akalumpha afike. Auzeni amenye ndi chibakera, osati ndi mutu. Mario mwiniwake mukamuyang'anitsitsa amakweza dzanja akamalumpha. Mwana aliyense akhale ndi bokosi lake loti aboole. Ndi ntchito yotopetsa kukonza 13, ndikudziwa, koma dikirani mudzaone nkhope ya mwana pamene pepala lang'ambika ndalama n'kumugwera pamutu ndi m'mapewa. Ena amaima chilili kaye, kukamwa kuli yasa, asanayambe kutola.

Ndalamazo muzidule pa pepala lolimba lachikasu, zikhale zazikulu ngati chikhatho cha mwana. Zenizeni kapena zapulasitiki zing'onozing'ono musaikemo, pagulupo pali ana amene amaikabe zinthu m'kamwa.

Tsopano nkhani ya mphatso ya wopambana. Ndi ulemu wonse kwa bambo, pamenepa ndikukana. Mwana wa zaka 7 ndi wa zaka 4 sangapikisane mwachilungamo pa gemu iliyonse. Wopambana mukumudziwa kale phwando lisanayambe, ndipo mwina sadzakhala mwana wanu. Mphatso imodzi pakati pa ana 13 imasiya ana 12 akuyang'ana pansi. M'malo mwake ikani chidebe chimodzi pakati, ndalama zonse zimene ana atola aziponya momwemo, ndipo muziwerenga mokweza nonse pamodzi. Muwauze kuti zikakwana 100, chipata cha nyumba ya Bowser chitseguka. Dulani ndalama ngati 120, chifukwa zina zidzang'ambika, zina zidzalowa m'matumba a ana. Mukatero, kamwana kamene kabweretsa ndalama zitatu zokha anzake adzakaombera m'manja, popeza zitatuzo zitha kukhala zomwe zikwaniritse 100.

Bambo musawasiye opanda ntchito. Iwowo ndiwo akhale Bowser. Muwamangirire katoni pamsana yomatidwa minga zamapepala, aime kutsogolo kwa tebulo pamene pali keke. Ana aziwagenda ndi masokosi opindidwa ngati mpira, iwo azizandima, azibwerera m'mbuyo, mpaka mwini tsiku aponye lomaliza, Bowser agwe. Nkhope yawo ikhale yosaphimba ndipo asabangule kwambiri. Ana a zaka 4 amaopadi munthu wobisa nkhope, ndipo mmodzi akayamba kulira ndi mantha, kumutonthoza kumatenga nthawi. Ngati mukufuna kuti ana apite ndi kanthu kunyumba, aliyense alandire chofanana ndi cha mnzake, ngakhale chipewa chake chomwecho ndi ndalama zingapo zamapepala.

Za Fortnite yankho ndi lalifupi: isabwere. Pa bokosi la gemu kapena pa tsamba loigulira pamakhala nambala yosonyeza msinkhu wa oyenera kusewera. Dongosolo la ku Ulaya limatchedwa PEGI, ndipo nambala zake ndi 3, 7, 12, 16 ndi 18. Mario Kart 8 Deluxe ili pa 3, Minecraft pa 7, Fortnite pa 12. Ndi gemu yowomberana mfuti, komanso imaseweredwa pa intaneti pamodzi ndi anthu osawadziwa. Alendo anu onse sanafike msinkhu umenewo, ndipo makolo awo akukhulupirira inu. Msuweni wa zaka 13 uja musamukalipire, chimene akufuna n'kuoneka wofunika pakati pa ana aang'ono. Muikeni kukhala woyang'anira TV. Iye akudziwa kale zimene ine ndi inu tingavutike kuzipeza pa menyu.

Inde, TV idzayatsidwe ndithu, mwana amene amakonda Mario angadandaule itapanda kuyaka n'komwe. Koma ikhale yomalizira, keke itadyedwa, manja atasambidwa, kwa theka la ola pamene makolo ayamba kubwera kudzatenga ana. Ngati mungabwereke ma controller ena awiri, chitani zimenezo, chifukwa Mario Kart 8 Deluxe imalola anthu anayi kusewera pa TV imodzi, ndiye ana 13 atha m'maulendo anayi okha. Msuweni uja asankhe liwiro la 50cc, lomwe ndi lochedwa kuposa onse, ndipo ayatsire ana aang'ono zinthu ziwiri zotchedwa Smart Steering ndi Auto-accelerate. Choyamba chimaletsa galimoto kugwera kunja kwa msewu, chachiwiri chimaiyendetsa mwana asanadine batani lililonse. Ndi zimenezi, ngakhale wa zaka 4 amafika kumapeto akuseka. Lembani mayina papepala motsatana, mumate pafupi ndi TV kuti pasakhale wonena kuti amudumpha. Tizingwe ta ma controller tilowe m'manja, intaneti ikhale yothima kuti wina asagule kanthu mosadziwa. Mapaipi aja musawachotse. Mudzaona ana ambiri akusewera ulendo umodzi n'kubwerera kukakwawa.

Poitana, auzeni makolo momveka kuti padzakhala theka la ola la TV ndiponso dzina la gemu yake. Mabanja amasiyana pa nkhaniyi, ndipo ena amatsatira malangizo amene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 2019, akuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku atakhala pansi akuonera sikirini. Pa nthawi yomweyo funsani zinthu ziwiri: ngati pali chakudya chimene thupi la mwana wawo limadana nacho, ndi ngati pali mwana wodwala khunyu, chifukwa kuwala kothwanimathwanima kwa magemu kumatha kugwetsa ena mwa odwala matendawa. Si mafunso ochititsa manyazi, kholo lililonse limasangalala kuona kuti mwaganizira mwana wake.

Phwando lonse lisapitirire maola awiri. Ana safika nthawi imodzi, choncho mphindi 20 zoyambirira azikhala pansi akumata chilembo choyamba cha dzina lawo pa zipewa zamapepala zofiira ndi zobiriwira, wamkulu mmodzi akuwajambula ndevu ndi penti yopakira kumaso. Pakhale akuluakulu osachepera atatu, wina wa iwo ntchito yake ikhale kuyang'ana ana aang'ono kwambiri basi. Mabaluni amakongoletsa, koma likaphulika tolani zidutswa nthawi yomweyo, chifukwa zimatsamwitsa ana osafika zaka 8. Tizidole tothwanima tokhala ndi mabatire ooneka ngati mabatani a malaya musagule n'komwe. Batire lotero likamezedwa limawotcha kukhosi m'maola ochepa.

Keke isakusowetseni tulo. Ikhale yamakona anayi, yopakidwa chikasu, pamwamba chizindikiro cha funso choyera, ndipo mwana aliyense pamenepo adzaizindikira asanauzidwe. Mwana akasintha maganizo kutatsala mlungu umodzi, monga amachitira ana a msinkhu umenewu, makatoni anu sanapite pachabe. Minecraft yonse ndi mabokosi okhaokha, mungosintha penti. Pac-Man, gemu ya mu 1980 ija, imangofuna njira zokhotakhota zojambula ndi choko, ana anayi akhale mizukwa yothamangitsa mnzawo, keke ikhale yozungulira yachikasu yodulidwa kagawo kamodzi, monga amaonekera Pac-Man mwiniwake.

Mwana wanu akhale nanu popaka penti, ngakhale chizindikiro cha funso chituluke chopindika. Ndipo m'mawa wa tsikulo, alendo asanafike, mulekeni adutse njira yonseyo yekha kawiri katatu inu mukuonerera, kuyambira pa paipi yoyamba mpaka pa mbendera. Anzake akamalowa pakhomo, iye ndiye adzakhale akuwagwira dzanja, kuwaonetsa polowera ndi polumphira.

Azakhali