Tikubwera kumudzi pa Khirisimasi ndi ana obadwira ku England: tiyambire kuti?

Ndalandira imelo kuchokera kwa amayi ena amene amagwira ntchito ya unamwino ku Leeds. Kwawo ndi ku Katete, amuna awo ndi Mngoni wa cha ku Mtenguleni, ndipo ana awo awiri anabadwira ku England, ku Zambia sanapondeko. Akufuna kubwera pa tchuthi cha Khirisimasi, masabata atatu. Papita zaka asanabwere, ndipo m'zaka zimenezo atsibweni awo ndi amayi awo aakulu anamwalira. Iwo anangotumiza ndalama za bokosi. Akufunsa kuti: "Tiyambire kuti? Tizigona kumudzi kapena ku loji ku Chipata? Tikwanitsa bwanji kugawira aliyense, poti abale akuyesa tikubwera ndi chuma? Ana anga chinenero chathu sachidziwa, ndikuopa akatichititsa manyazi." Andilola kuwayankhira pano.

Amayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'banja mwanu. Ndiyamba ndi chimene mwachitchula mongodutsa, chifukwa kwa ine ulendo wonsewu wagona pamenepo: maliro awiri aja.

Kwa inu anachitika kale. Munalira nokha m'chipinda, m'mawa mwake n'kuvala yunifolomu kupita ku ntchito. Koma kumudzi anthu sanakuoneni mukulira, choncho kwa iwo simunafikebe pamaliro. Munthu amene zovuta zinamupeza ali kutali, akabwera amayamba wafika pakhomo panagwa malirowo kukapepesa, asanayendere wina aliyense, asanatsegule ndi sutikesi yomwe. Mumange chitenje, muvale duku, mukhale pamphasa pamodzi ndi amayi anzanu, abambo akhale ndi madoda. Wamkulu wa pakhomopo adzayamba kulongosola: mmene matenda anayambira, tsiku limene anawatengera ku chipatala cha St Francis, zimene madokotala ananena, usiku umene anatsirizika, amene anabwera kudzaika. Zonsezi munazimva kale pa WhatsApp, komabe mvetserani mpaka amalize, osawadula pakamwa. Pamene akufotokoza m'pamene akukubwezerani pamalo panu m'banjamo. Akatha, perekani chipepeso m'manja mwawo. Sichiyenera kukhala chambiri, ndipo musachiphatikize ndi mphatso za Khirisimasi.

Mudzafuna kukaona pamene anagona. Kumbukirani kuti kwa Achewa kumanda sikulowedwa wamba. Uzani amene analowa m'malo mwa atsibweni anu poyang'anira mbumba, iwo akapemphe kwa amfumu, ndipo mudzapatsidwa anthu okuperekezani. Foni ikhale m'chikwama pokhapokha akulu atalola kujambula. Ngati mumtima muli ganizo la chiliza, likambeni ulendo uno, koma kumanga kwake kudikire chilimwe anthu atakolola.

Nkhani ya maliroyi ikuthandizaninso pa funso lovuta lija, lakuti muyambe kwa ndani. Kwa Angoni ana amawerengedwa kuchimuna, kwa Achewa ndi a mbumba ya kuchikazi, ndiye mbali zonse ziwiri zikudikira adzukuluwa ngati awoawo. Mwayi wanu ndi wakuti pochokera ku Lusaka mumayamba kufika pa Katete musanafike ku Mtenguleni ndi Chipata. Abambo aimbire makolo awo padakali pano, awauze mwaulemu kuti muyamba mwapatukira ku Katete kukapepesa maliro. Palibe mpongozi wodziwa mwambo amene angakhumudwe nazo, bola amve kwa mwana wawo, asamve kwa anthu. Kenaka gawani: Khirisimasi kwina, Nyuwere kwina, ndipo masikuwo anenedwe musanakwere ndege.

Za pa msewu sindichulutsa. Kuchokera ku Lusaka kufika kuno ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kudzera ku Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Sinda. Mukatera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka gonani kaye, munyamuke mbandakucha kuti mapiri a Manenekela muwadutse kukuwala. Kuli makona ambiri ndiponso mathiraki. Ena amatera ku Lilongwe n'kulowera pa malire a Mchinji ndi Mwami, chifukwa kuchokera ku Lilongweko kufika ku Chipata sipakwana makilomita 200. Mukasankha njira imeneyo, funsiranitu ku maofesi a akazembe a mayiko onse awiri za mapasipoti a anawo, chifukwa malamulo a viza amasintha. Dziwaninso kuti kuyambira 2016 malamulo a Zambia amalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri. Ngati mukufuna kuti ana anu adzakhale ndi mapepala a kuno, ulendo uno ndi mpata wofunsira ndondomeko yake.

Tsopano pogona. Ndinaona banja lina lochokera kunja litabwera kudzaona agogo m'mudzi wina kufupi ndi kuno. Agogowo anali atazira nyumba, atagula mphasa yatsopano ndi bulangete, atapempha mdzukulu kuti afolere pamene pankadontha. Alendowo ankafika ndi galimoto dzuwa litakwera, n'kudya pang'ono, isanakwane 4 koloko n'kubwerera ku loji. Atapita, bulangete lija linali likadali m'pepala lake, ndipo agogowo ankangolisuntha uku ndi uku osanena kanthu. Palibe chimene alendo aja anabweretsa chimene chinafafaniza zimenezo.

Ndiye ine ndikuti gonani kumudzi, ngakhale mausiku awiri kapena atatu mbali iliyonse. Nkhani zenizeni za pabanja sizikambidwa masana alendo ali mbwee pabwalo. Zimatuluka madzulo nsima itadyedwa, kapena m'mawa amayi anu akusonkha moto. Loji isungeni ngati popumira pakati pa maulendo: kuchapa, kutchaja mafoni, kuti ana agone mokwanira. Palibe cholakwika pamenepo. Tumizanitu ndalama pang'ono kuti akonze chimbudzi ndi bafa, agule matiresi ndi maneti. Zimenezi zidzatsalira iwo mukapita. Disembala ndi nthawi ya mvula, misewu yafumbi yopatuka pa tala imaterera, ndiye galimoto yobwereka ikhale yokwera. Komanso anthu adzakhala kumunda m'mawa uliwonse, kupalira ndi kuthira feteleza. Musadabwe mudzi utakhala zii mpaka masana. Tengani khasu mupite nawo tsiku lina, ngakhale mizere iwiri yokha.

Pa za ndalama ndilankhula mosabisa. Simungakwanitse aliyense, ndipo mukayesa mudzabwerera ku Leeds ndi ngongole komanso mkwiyo. Koma musawaone abale anu ngati anthu adyera. Mu 2024 chilala chinawononga mbewu mpaka boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndipo mabanja ambiri kuno sanakolole. Ngakhale chaka chabwino, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale nkhokwe zimakhala zikutha pamene chimanga chatsopano sichinache. Amene akukupemphaniyo nthawi zambiri akunena zoona.

Chimene chimathandiza ndi ichi. Inu ndi abambo mugwirizane kuchuluka kwa ndalama zonse zothandizira, mbali ziwiri zilingane, ndipo pasakhale zopereka mobisirana. Mukatero funsani wamkulu mmodzi mbali iliyonse kuti chosowa chachikulu n'chiyani. Nthawi imeneyi yankho limakhala feteleza wobereketsa, malata a nyumba ya agogo, kapena za sukulu. Kuyambira 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere mpaka ku sekondale, koma yunifolomu, nsapato ndi makope zimagulidwabe, ndipo sukulu zimatsegulidwa mu Januwale. Thumba la feteleza lofika pa nthawi yake lidzakumbukika pokolola. Jekete lochokera ku England m'nyengo yotenthayi lingolowa m'bokosi. Gulani chinthucho nokha, muchipereke pamaso pa anthu awiri kapena atatu, kuti mawa pasabuke nkhani yakuti uje anadya yekha.

Za nyumba ndi nyumba musavutike kunyamula kuchokera kutali. Shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira ndi zitenje zonse zili konkuno, ku Down Shops, ku Kapata kapena ku Saturday Market, ndipo mtengo wake suposa umene mungalipire pa katundu woonjezera m'ndege. Mangani timaphukusi tofanana, mupatse amayi anu kapena apongozi anu kuti agawe iwo. Akudziwa khomo limene lisadumphidwe, kuphatikizapo kwa amfumu. Kuchokera kunjako tengani zopepuka: nyale za sola, foni yolimba ya agogo, ndi zithunzi zosindikiza papepala. Zithunzizo musazipeputse, zidzakhomedwa pakhoma zaka zambiri. Mukafika lembetsani SIM ya kuno ndi pasipoti yanu, ndalama zambiri zikhale pa Airtel Money kapena MTN osati m'chikwama.

Ndipo chonde musalonjeze. Mphwanu akadzakukokerani kuseri kwa nyumba n'kunena za ntchito ya ku England kapena mpamba wa bizinesi, mawu akuti "tiona" iye adzawamva ngati "inde", n'kuyamba kuwerenga miyezi. Ndi bwino kumuuza kuti, "Pano sindingathe, chimene ndakwanitsa ndi ichi." Adzakhumudwa tsiku limenelo, koma chaka chamawa mudzalankhulana bwinobwino.

Ana anu sadzakuchititsani manyazi. Mlandu wa chinenero, ngati ulipo, akulu adzauika pa inu, osati pa iwo, ndipo adzaunena kamodzi n'kuusiya. Chimene agogo amayang'ana ndi khalidwe. Masabata atsalawa aphunzitseni zochepa koma azigwire: "Muli bwanji agogo?", "Ndili bwino, kaya inu?", "Zikomo", "Ndakhuta", "Odi". Adziwe kugwada kapena kunyonyomala popereka moni kwa akulu, kulandira chinthu ndi manja awiri, kusamba m'manja akulu atayamba, ndi kusatchula munthu wamkulu dzina lake. Kunyumba kwanuko yambani kuphika nsima kawirikawiri kuti aphunzire kutema mbamu ndi dzanja. Muwauziretu kuti nkhuku imene akuithamangitsa m'mawa ndi imene adzadye masana, kuti chimbudzi ndi chokumba ndipo chili panja, kuti anthu adzawagwiragwira ndi kuseka kalankhulidwe kawo mwachikondi. Mwana wouzidwiratu sachita mantha. Akakumana ndi Gule panjira ku Katete, apatuke, asaloze chala, asajambule.

Mukatero asiyeni. Musawasunge pambali panu ndi tabuleti m'manja. Apite ndi asuweni awo kukatola mango, amene mu Disembala amangogwa okha, akatunge madzi pamjigo, akasewere mpira wachikulunga. M'masiku ochepa adzatola mawu ambiri kuposa amene mwawaphunzitsa zaka zonsezi, ndipo ubale umene udzatsale inu ndi ine titapita ndi wa iwowa ndi asuweni awowo. Agogo akafuna kuwapatsa mayina a kumudzi, alandireni. Kuchimuna adzawauzanso chiwongo chawo, ndipo ndi bwino achidziwe.

Pa malungo, ndinu namwino ndipo mukudziwa kundiposa, komabe ndinena chifukwa apa ndi pamene anthu athu ambiri amagwa. Mphamvu yolimbana ndi malungo imene munali nayo mukukula ku Katete inatha ndi zaka zimene mwakhala kunja, ndipo ana anu alibiretu. Ku Britain, ambiri mwa amene amapezeka ndi malungo ndi anthu amene anapita kwawo kukaona abale, chifukwa amaganiza kuti kwawo sangadwale. Nyengo ya mvula ndiye ya udzudzu. Pitani kwa dokotala mwezi umodzi ulendo usanafike, nonse anayi mulandire mankhwala oteteza, mumwe mpaka kumaliza ngakhale mutabwerera. Neti usiku uliwonse, zovala zamanja aatali madzulo. Wina akatentha thupi kuno, kukayezetsa tsiku lomwelo. Akatentha thupi mutabwerera ku Leeds, ngakhale patapita miyezi, muwauze adokotala kuti munali ku Zambia. Madzi akumwa a ana aziwiritsidwa, asasambe m'madamu chifukwa cha likodzo, asaseweretse agalu osawadziwa, ndipo bowa adye yekhayo wozulidwa ndi amayi odziwa.

Mwina mudzafuna kuwaonetsa nyama ku nkhalango ya South Luangwa, poti ku Mfuwe, polowera m'nkhalangoyo, sikutali ndi Chipata. Pitani, koma kumapeto kwa ulendo, ndipo m'galimotomo mukhale malo a asuweni awiri kapena agogo ngati ali ndi mphamvu. Ambiri kuno anakulira pafupi ndi nkhalangoyo koma njovu sanaionepo.

Tsiku lotsazika lisakhale lothamanga. Yendaninso makomo aja munapepesa maliro, mukatsazike kwa amfumu. Adzakupatsani mtedza, ufa, mwina nkhuku yamoyo yomangidwa miyendo. Musakane ngakhale mukudziwa kuti nyama siloledwa kulowa nayo ku Britain. Landirani ndi manja awiri, nkhukuyo mukadyera limodzi ndi abale a ku Chipata kapena ku Lusaka.

Ulendo wotsatira yesani kubwera mu Ogasiti, sukulu za kumeneko zitatsekera. Misewu imakhala youma, udzudzu wochepa, anthu atakolola ndipo ali ndi nthawi yocheza. Loweruka lomaliza la mweziwo kumakhala Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana, pafupi ndi kwanu komweko. Nc'wala ya kwa abambo ku Mtenguleni imachitika kumapeto kwa Febuluwale, nthawi yovuta kwa ana a sukulu, koma Kulamba mungathe. Ngati za chiliza cha atsibweni mudzakhala mutagwirizana ulendo uno, mwambo wake mungauike m'mwezi womwewo.