Kwa mayi amene anauzidwa kuti kuwawa kwa msana wawo ndi maganizo chabe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ndi mphunzitsi wa kupulayimale. Akuti msana wawo wakhala ukuwawa kwa zaka zitatu, anajambulidwa ekisire kawiri koma sipanaoneke kanthu, ndipo dokotala womaliza anangowauza kuti vuto lawo ndi maganizo. Anatuluka m'chipindamo mtima uli m'malo awiri, chifukwa anamva ngati akuwanena kuti akunamizira. Tsopano mnzawo wawauza kuti pali njira zothetsera ululu pogwiritsa ntchito maganizo ndi thupi pamodzi, ndiye akufunsa ngati zimenezi n'zoona kapena ndi malonda chabe.

Mayi, ululu wanuwo ndi weniweni, ndipo ngati dokotalayo ankatanthauza kuti mukudzipangitsa, analakwitsa. Koma n'kutheka kuti ankafuna kunena chinthu choona chimene analephera kuchifotokoza. Ululu uliwonse, ngakhale wa munthu amene wadzitema ndi khasu, umapangidwa ndi ubongo. Mitsempha imangotumiza uthenga, ndipo ubongo ndi umene umaweruza ngati thupi lili pangozi. Mu 1995 magazini ya zachipatala ya ku Britain yotchedwa BMJ inalemba za mmisiri wa zomangamanga wazaka 29 amene anadumphira msomali wa masentimita 15, n'kuboola jombo yake mpaka kutulukira pamwamba. Anafika kuchipatala akumva ululu woopsa moti anamubaya mankhwala amphamvu, koma atavula jomboyo anapeza kuti msomaliwo unangodutsa pakati pa zala osakhudza mnofu. Bamboyo sankanama ayi. Ubongo wake unaona ngozi, ndipo unachita ntchito yake.

Ululu ukapitirira miyezi itatu, madokotala amautcha wokhalitsa, ndipo nthawi zambiri chimene chinauyambitsa chimakhala chitapola kale. Chimene chimatsala ndi mitsempha imene yazolowera kuchenjeza. Ndimakonda kuyerekeza ndi galu amene anaonapo mbava usiku wina, ndiye kuyambira pamenepo amauwa ngakhale tsamba la mango likagwa padenga. Munthu akamaopa kuwerama, kunyamula chidebe kapena kuimirira nthawi yaitali pabolodi, ubongo umatenga manthawo ngati umboni wakuti ngozi ilipodi, ululu umakula, ndipo mantha nawonso amakula. Ngakhale zithunzi zikanaonetsa kanthu, sizikanathetsa nkhani, chifukwa mu 1994 akatswiri ku America anajambula ndi makina a MRI misana ya anthu 98 amene sankamva kuwawa kulikonse, n'kupeza kuti oposa theka anali ndi kotupa pa kachigawo kofewa kamene kamakhala pakati pa mafupa a msana.

Musanayambe njira iliyonse, pali zinthu zimene siziyenera kutchedwa maganizo. Ngati mukuonda popanda chifukwa, thupi likutentha, mukutuluka thukuta usiku, miyendo ikufooka kapena kuchita dzanzi, kapena mukulephera kusunga mkodzo ndi chimbudzi, bwererani kuchipatala msanga. Kwathu kuno TB ya msana ilipo, makamaka kwa anthu amene chitetezo chawo cha m'thupi chatsika, ndipo palibe kupuma mozama kumene kungaichize.

Ngati zonsezi palibe, yankho langa ndi lakuti njirazi zili ndi umboni, ngakhale kuti ena amene amazitsatsa pa intaneti amakokomeza. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri anachitikira ku Boulder, m'chigawo cha Colorado ku America, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Mwa anthu 151 a vuto la msana, ena anaphunzitsidwa kwa milungu inayi kuti aziumva ululu wawo popanda kuuopa. Anthu 66 mwa 100 alionse a gulu limenelo anatsala opanda ululu kapena ndi wochepa kwambiri, pamene pa gulu lobayidwa jekeseni wopanda mankhwala anali 20, ndipo pa gulu longopitiriza chithandizo cha masiku onse anali 10. Ziwerengero zimenezi n'zolimbikitsa, koma tizikumbukira kuti ambiri mwa anthuwo anali ndi ululu wapakatikati, ndiponso ankakumana ndi alangizi ophunzitsidwa bwino. M'chaka chomwecho bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za ku England, linanena kuti pa ululu wokhalitsa umene gwero lake silikuoneka, ndi bwino kudalira masewera olimbitsa thupi ndi uphungu kusiyana ndi kuyamba mankhwala opha ululu. Zimenezi zikukukhudzani, popeza mwalemba kuti mumamwa brufen pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mankhwala amenewa akamwedwa nthawi yaitali amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso.

Zimene mungayambe nokha si zachilendo. Kwa milungu iwiri muzilemba m'kope nthawi imene msana wavuta kwambiri ndi zimene zimachitika tsiku limenelo. Mukaona kuti umakula kumapeto kwa mwezi, nthawi yochonga mayeso kapena mukachokera kumaliro, koma umachepa mukakhala pakwaya, mwapeza chizindikiro chofunika, chifukwa fupa lowonongeka silidziwa kuti lero ndi tsiku lanji. Ululu ukabwera, khalani pansi, pumani pang'onopang'ono motulutsa mpweya nthawi yaitali, ndipo muumvetsere kuti uli pati, ukutentha kapena ukukoka, popanda kulimbana nawo. Kenaka sankhani ntchito imodzi imene munaisiya chifukwa cha mantha, monga kusesa pabwalo, muichite kwa mphindi zisanu, mawa lake zisanu zomwezo, ndipo muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse. Ambiri amalakwitsa pogwira ntchito yonse tsiku limene akupezako bwino, n'kugona masiku atatu otsatira.

Padzakhala masiku amene ululu udzabwerera mwamphamvu, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti mwadzivulaza. Pa masiku amenewo chepetsani ntchito koma musaisiyiretu. Mukapitanso kuchipatala, pemphani kuti akutumizeni kwa a mafizo, mutenge kope lanu lija, ndipo muwauze mosabisa kuchuluka kwa brufen amene mwakhala mukumwa.