Ndayamba Kuphunzitsa Ana Osadziwa Chingerezi, Ndiyambire Pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi. Wandilola kuti ndimuyankhire pano, koma dzina lake ndalisunga. Mwachidule analemba kuti:

"Mwezi wamawa ndikuyamba ntchito, ndipo andipatsa kalasi ya ana amene ambiri a iwo Chingerezi akuchiyamba kumene. Kunyumba amalankhula zilankhulo zosiyanasiyana, zina ine sindizimva n'komwe. Ndili ndi mantha. Ndiyambire pati? Kodi pakufunika satifiketi ina yapadera? Nanga ndiwaletse kulankhula zilankhulo zawo m'kalasi kuti Chingerezi chilowe msanga?"

Aphunzitsi, mantha amenewo musachite nawo manyazi, nanenso ndinali nawo. Ndiyamba ndi za satifiketi poti sizitenga nthawi.

Malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani mphunzitsi wamkulu wa pasukulu panupo kapena a unduna wa zamaphunziro. Sukulu zambiri za boma zimayang'ana kaye satifiketi ya uphunzitsi ya dzikolo, yomwe muli nayo kale. Mukadzafuna kuwonjezera m'tsogolo muno, yodziwika m'maiko ambiri ndi CELTA ya ku Cambridge, satifiketi yophunzitsira Chingerezi kwa olankhula zilankhulo zina. Imatenga maola pafupifupi 120, ndipo maola 6 mumaima pamaso pa ophunzira enieni, wina akukuonererani n'kukuuzani pomwe mwaphonya. Dziwani chabe kuti amene mumawaphunzitsa pa kosi imeneyi ndi akuluakulu, osati ana. Kosi ya pa intaneti yomwe simuphunzitsamo munthu ngakhale kamodzi, ine sindingatayirepo ndalama. Za mapepala n'zomwezo.

Chimene ndikufunitsitsa kuti mulowe nacho m'kalasi ndi ichi: mwana wosadziwa Chingerezi si mwana wosadziwa zinthu. Kunena n'kosavuta, koma choko chikakhala m'manja timaiwala, chifukwa ife aphunzitsi tinazolowera kuyeza nzeru za mwana ndi mayankho amene watipatsa.

Chaka changa choyamba ndinali ndi mtsikana wa zaka 10 amene anatha miyezi itatu osatulutsa mawu. Ndikamufunsa, ankangoyang'ana pa desiki. Ndinamuika m'gulu la ana otsalira m'mbuyo, ntchito yake n'kukhala yokopera mawu a pa bolodi. Tsiku lina mnzanga wophunzitsa masamu anandionetsa kope la mwanayo. Masamu ogawa amene anzake ankalimbana nawo iye ankawakhoza onse, mwa njira ina imene anaiphunzira kwawo. Kenako ndinamva kwa mayi ake, kudzera mwa womasulira, kuti m'chilankhulo chawo mwanayo ankawerenga mabuku athunthu. Teremu yonse ndinamuchedwetsa mwana uja, ndipo ndikakumbukira mtima umandiwawabe.

N'chifukwa chake sabata yoyamba musaithamangire ndi silabasi. Ikhale yowadziwa anawo. Phunzirani kutchula dzina la aliyense monga amalitchulira makolo ake, ndipo musamupatse lina lachingerezi pofuna kupeputsa lilime lanu. Fufuzani kuti kunyumba amalankhula chilankhulo chanji, anakhala pasukulu zaka zingati, ndipo ngati analekezapo, analekeza nthawi yotalika bwanji. Funso lalikulu kuposa onse ndi lakuti: kodi amatha kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo chake? Mpatseni pepala alembe chilichonse m'chilankhulocho. Ngakhale inu musamve, mudzaona mmene wagwirira cholembera, ngati akudula ziganizo, ngati dzanja likuyenda momasuka. Mwana wodziwa kale kuwerenga sayambiranso pachiyambi. Akudziwa kuti malembo amaimira maliwu, kuti nkhani imakhala ndi chiyambi ndi mathero, ndipo luso limenelo amasamuka nalo kupita ku Chingerezi. Amene sanawerengepo m'chilankhulo chilichonse ali ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi, ndipo akufunika thandizo losiyana. Ana awiriwa tsiku loyamba amaoneka ofanana, onse ali duu.

Kukhala chete kumeneko kusakuopseni. Stephen Krashen, katswiri wa ku America amene analemba zambiri pa nkhaniyi m'zaka za m'ma 1980, anafotokoza kuti ophunzira ambiri amayamba ndi nyengo yongomvetsera, ena masabata, ena miyezi. Mfundo yake yaikulu inali yakuti chilankhulo chimalowa pamene munthu akumva tanthauzo la zimene zikunenedwa, ndipo zonenedwazo zikhale zopitirira pang'ono chabe pa zimene akudziwa kale. Akatswiri ena anatsutsa mbali zina za maganizo ake, koma pa mfundo iyi ine ndaona ndi maso anga kuti n'zoona. Mukalankhula mphindi 40 mwana osatolapo kanthu, iye wangomva phokoso. Choncho bweretsani chinthucho achione, jambulani pa bolodi ngakhale mutakhala kuti kujambula simutha bwino, gwiritsani ntchito manja ndi nkhope. Ziganizo zikhale zazifupi, zodukiza, koma zikhale Chingerezi cholondola, osati chothyokathyoka ngati mukulankhula ndi khanda. Kukweza mawu sikuthandiza chilichonse, mwanayo si wogontha.

Kwa ongoyamba kumene pali njira yakale imene James Asher, katswiri wina wa ku America, anaikonza m'zaka za m'ma 1960: inu mukunena, mukuchita, ana akuchita nanu. "Stand up. Touch the door. Open your book." Mwana amaonetsa ndi thupi kuti wamva, pakamwa pasanatseguke, ndipo inu mumadziwa pomwe wafika popanda kumuchititsa manyazi.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe kanasintha kaphunzitsidwe kanga kuposa buku lililonse. Mary Budd Rowe, amene ankafufuza za kaphunzitsidwe ka sayansi, anapeza cha m'ma 1972 kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenako amaloza wina kapena kuyankha okha. Akadikira masekondi atatu kapena kupitirirapo, mayankho ankatalika, ndipo ana ambiri ankayankha. Tsono taganizirani mwana wanu: amve funso, alitembenuze m'mutu, apeze yankho m'chilankhulo chake, asake mawu achingerezi, kenako alimbe mtima. Sekondi imodzi singamukwanire. Funsani, werengani chamumtima mpaka faifi, pirirani chete ameneyo. Poyamba mudzaona ngati kalasi yafa, koma manja amene simunawaonepo adzayamba kukwera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe kumva kokha sikokwanira. Katswiri wina, Merrill Swain, anaona ku Canada ana olankhula Chingerezi amene ankaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa kwa zaka zambiri. Kumva ankamva bwino kwambiri, koma polankhula ndi polemba galamala yawo inkatsalirabe. Mu 1985 iye ananena kuti wophunzira amafunika kukakamizika kutulutsa yekha ziganizo, chifukwa m'pamene amazindikira chimene sakutha kunena. Ndiye dzifunseni tsiku lililonse kuti walankhula kwambiri ndani, inu kapena ana. M'kalasi ya ana ambiri, kufunsa mmodzimmodzi kumatanthauza kuti mwana aliyense alankhula chiganizo chimodzi pa tsiku, mwinanso osalankhula n'komwe. Akhazikeni awiriawiri, auzane yankho asanauze kalasi yonse. Alembereni pa bolodi chiyambi cha chiganizo, monga "I think this because…", iwo amalize. Pakapita nthawi muzifufuta zoyambirazo pang'onopang'ono, monga amachotsera mitengo yochirikiza nyumba ikauma.

Tsopano ndifike pamene aphunzitsi ambiri, ngakhale okhalitsa pantchito, amapunthwa. Patatha chaka chimodzi kapena ziwiri, mwana uja adzakhala akucheza ndi anzake m'Chingerezi chosalala, nthabwala akuseka nawo, mpira akukangana nawo. Aliyense adzati watha, safunikanso thandizo. Mayeso akabwera, walephera, ndiye amayamba kumunena kuti ndi waulesi. Jim Cummins, katswiri wa zamaphunziro amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Toronto, anasiyanitsa mu 1979 mitundu iwiri ya luso la chilankhulo: chilankhulo chochezera ndi chilankhulo cha m'mabuku. Chochezera mwana amachigwira m'zaka ziwiri kapena kuchepera, pakuti nkhope, manja ndi zimene zikuchitika pamalopo zimamuthandiza. Cha m'mabuku chimatenga zaka 5 mpaka 7 kuti afanane ndi anzake obadwa nacho, chifukwa pa tsamba la buku palibe nkhope yomuthandiza, ndiponso anzakewo sakumudikira, nawonso akuwonjezera mawu chaka ndi chaka.

Chilankhulo cha m'mabukuchi sichibwera chokha, muyenera kuchiphunzitsa mwadala. Mawu ngati "photosynthesis" savuta kwenikweni, poti mphunzitsi wa sayansi amawafotokoza kwa aliyense. Ovuta ndi aja amene aliyense amaganiza kuti mwana akuwadziwa: "compare", "describe", "factor", "however". Ana ambiri amalephera funso lomwe yankho lake akulidziwa, chifukwa chosamva chimene liwu loyamba la funsolo likuwauza kuti achite. Enanso ndi mawu amene amasintha tanthauzo akalowa m'phunziro lina. Mwana amadziwa kuti "table" ndi tebulo, ndiye m'masamu akauzidwa kuti ayang'ane "table", kutanthauza manambala oikidwa m'mizere, amasokonezeka. Averil Coxhead wa ku New Zealand anasonkhanitsa mu 2000 mndandanda wa magulu a mawu 570 amene amapezeka kawirikawiri m'mabuku a maphunziro osiyanasiyana. Anaukonzera ophunzira a ku yunivesite, koma ngati muli ndi ana okulirapo, uyang'aneni, umapezeka pa intaneti. Mawu ophunzitsa asachuluke: asanu kapena asanu ndi limodzi pa phunziro, ndipo abwerenso mawa, mkuja ndi sabata yamawa, m'ziganizo zatsopano. Liwu lomva kamodzi silikhala.

Posankha zowerenga, kumbukirani zimene Paul Nation, katswiri wa kaphunziridwe ka mawu, anaonetsa, kuti munthu awerenge yekha momasuka amafunika kudziwa mawu pafupifupi 98 pa mawu 100 alionse a pa tsambalo. Ndiye kuti liwu lachilendo likhale limodzi pa mawu 50. Buku lokhala ndi mawu achilendo pamzere uliwonse limangomufooketsa mwana. Mpatseni mabuku osavuta ambiri oti aziwerenga yekha, ovutawo muziwerengera limodzi. Koma osavuta asakhale achibwana. Mnyamata wa zaka 14 mukamupatsa buku la ana a mkaka, adzaliponya kumbali, ndipo adzakhala ndi chifukwa chomveka.

Funso lanu lomaliza ndiliyankha mosapsatira: ayi, musawaletse, ndipo musadzalange mwana chifukwa cholankhula chilankhulo cha mayi ake. Ndikudziwa kuti ambiri amakhulupirira kuti kuletsa kumafulumizitsa Chingerezi. Chimene ine ndaona n'chakuti mwana woletsedwa amangotseka pakamwa, ndipo amayamba kuona ngati za kwawo n'zochititsa manyazi. Chilankhulo chake ndi chimene amaganizira. Ngati ana awiri afotokozerana m'chilankhulo chawo chifukwa chake madzi amasanduka nthunzi, kenako n'kulemba yankho m'Chingerezi, apindula pawiri. Chimene mungachite ndi kuika malire omveka: mphindi izi kambiranani m'chilankhulo chilichonse, mphindi izi tonse tiyesere Chingerezi. Makolo nawonso auzeni kuti apitirize kulankhula ndi ana awo, kuwasimbira nthano ndi kuwawerengera m'chilankhulo chimene iwo amachidziwa bwino. Ena amasiya poganiza kuti akuthandiza, n'kumalankhula ndi mwana Chingerezi chochepa chimene ali nacho, mapeto ake kucheza kwa m'nyumba kumazilala.

Kudziwako pang'ono za zilankhulo za ana anu kudzakuthandizani kumvetsa zolakwa zawo. Chingerezi chili ndi malembo 26 koma maliwu pafupifupi 44, n'chifukwa chake kalembedwe kake kamazunza aliyense. Ife olankhula Chichewa "l" ndi "r" sitizisiyanitsa tanthauzo, ndipo "iye" amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, choncho "he" ndi "she" zimatisokonekera. Wolankhula Chiarabu alibe liwu la "p" ndipo anazolowera kulemba kuchokera kumanja. Wolankhula Chirasha kapena Chitchaina alibe timawu ngati "a" ndi "the". Zolakwa zotere zili ndi gwero, si kusasamala. Pokonza, sankhani. Mwana akamasimba nkhani ndi mtima wonse, musamudule pa mneni aliyense wolakwika. Msiyeni amalize, lembani chimene chikubwerezedwa ndi ana ambiri, mawa lake chikhale phunziro. Mu chimangirizo chongani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mwaphunzitsa kale, osafiiritsa tsamba lonse.

Musagwire nokha ntchitoyi. Aphunzitsi a masamu, sayansi ndi mbiri akuphunzitsanso Chingerezi ngakhale sadziona choncho, ndiye apempheni akuuzeni mitu ya sabata yamawa kuti mawu ake muwadutsemo ndi ana pasadakhale. Pezani mphunzitsi wokhalitsa amene angakuloleni kukhala kumbuyo kwa kalasi yake, nayenso adzaonerere yanu. Sungani kope limodzi lokhala ndi tsamba la mwana aliyense, muzilembamo tsiku limene wayankha koyamba, ndipo muzisunga zolemba zake za mwezi woyamba. Pofika mwezi wachisanu mudzaona ngati palibe chikusuntha, ndipo mapepala amenewo ndi amene adzakuonetseni, inu ndi mwanayo, mtunda umene wayenda.

Tsiku loyambalo konzekerani zochepa. Imani pakhomo, mulonjere aliyense, mumve dzina lake kuchokera pakamwa pake. Aphunzitseni ziganizo zitatu zodzipulumutsira: "I don't understand", "Please say it again", ndi chopemphera kupita kuchimbudzi, chifukwa pali ana amene amavutika tsiku lonse posowa mawu amenewo. Kenako aliyense akuphunzitseni moni wa m'chilankhulo chake, muuyesere pamaso pa onse, iwo akukonzeni. Teremu ikatha mundilemberenso, ndikufuna kudzamva za mwana amene adzakhale womaliza kulankhula.