Alamu anasainira amuna anga kafukufuku ali chikomokere, kodi pali chochita?

Mayi a ku Luchenza, mwalemba kuti amuna anu, omwe ankayendetsa kabaza ya njinga yamoto, anagundidwa ndi lole zaka 2 zapitazo n'kuthyoka fupa la pantchafu. Anawachita opaleshoni n'kuikamo chitsulo. Patapita masiku mpamene munamva kuti analowetsedwa mu kafukufuku, ndipo pepala anasaina ndi alamu anu, eni ake ali chikomokere. Pano bala likutuluka mafinya, kabaza anasiya. Kuchipatala akuti akufufuza, akuchimuna akuti poti pepala linasainidwa nkhani inatha.

Akuchimunawo akulakwitsa. Gawo 19(5) la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, limaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu popanda chilolezo chake. Kuvomera opaleshoni n'kwina, kuvomera kafukufuku n'kwinanso. Dokotala akhoza kupulumutsa moyo wa munthu wokomoka osadikira siginecha, koma zimenezo sizimupatsa ufulu woyesera njira yatsopano pa thupi lake. Wachibale amatha kusainira wodwala ngati komiti yomwe inavomereza kafukufukuyo inalola ndondomeko yotero, ndipo wodwalayo akatsitsimuka amayenera kufunsidwa yekha. Ngakhale bambowo akanasaina okha, siginecha sichotsa udindo wa dokotala wogwira ntchito mosamala.

Tsono tibwere pa chimene chingakuphereni mlandu, chomwe ndi nthawi. Lamulo la Limitation Act limati mlandu wofuna chipukuta misozi chifukwa cha kuvulala m'thupi ulowe kukhoti pasanathe zaka 3. Inu werengani kuyambira tsiku la opaleshoni, musawerenge kuyambira tsiku lomwe mafinya anaoneka, kuopa kudzakangana za masiku kukhoti. Kudandaula kuchipatala sikuimitsa nthawiyi. Kulembera komiti ya kafukufuku sikuimitsa. Kukambirana pansi pa mtengo ndi ankhoswe sikuimitsanso. Ndaonapo mabanja akubwera ndi makalata osungidwa bwino mu jumbo, lililonse lili ndi chidindo, lililonse likuti “nkhani yanu tailandira, tikufufuza.” Amaona ngati mlandu ukuyenda. Tsiku lofika kukhoti, loya wa mbali inayo sakamba n'komwe za mwendo, amangoimirira n'kunena kuti nthawi inadutsa, woweruza n'kusowa chochita. Zimandipweteka kwambiri chifukwa ofesala amene amati “mudzabwere mwezi wamawa” sataya kanthu, wotaya ndi wodwala.

Pamwamba pa zimenezo pali msampha wachiwiri. Ngati opaleshoni inachitikira m'chipatala cha boma, wosumiridwa ndi Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo. Lamulo limafuna kuti ofesi yake ilandire kaye kalata yodziwitsa kuti mukufuna kusuma, yofotokoza wodandaula ndani, chinachitika n'chiyani, ndi chimene mukufuna, kenako mudikire miyezi 3 musanatsegule mlandu. Kalata yomwe munapereka kwa mkulu wa chipatala silowa m'malo mwa imeneyi. Choncho chaka chimene mukuganiza kuti chatsala, kunena zoona ndi miyezi 9 kapena kucheperapo. Ngati chinali chipatala cha mishoni kapena cha kampani ya tiyi, kapena ngati kafukufuku ankayendetsa ndi bungwe lina, wosumiridwa amasintha, ndipo kusumira munthu wolakwika kumadyanso nthawi yomweyo.

Sindikulonjezani kuti mudzapambana. Bala la fupa loikidwa chitsulo limatha kulowa tizilombo ngakhale madokotala atachita zonse bwino, makamaka ngati fupalo linatulukira kunja pa ngoziyo. Kafukufuku winanso amangolemba mmene odwala akuchirira, osasintha chithandizo. Zikakhala choncho, kulumikiza mafinyawo ndi kafukufuku kudzavuta. Khoti lidzafuna lipoti la dokotala wina wa mafupa lonena ngati panali kusasamala, ndipo dokotala wolola kulemba zotsutsa mnzake sapezeka msanga.

Chitani izi. Lemberani chipatala kalata yopempha kope la pepala lomwe alamu anu anasaina ndi pepala lofotokoza kafukufukuyo, kalata yanu aidinde ndi kulembapo tsiku. Pamapepalawo pamakhala dzina la woyendetsa kafukufuku ndi la komiti yomwe inavomereza, kawirikawiri NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre. Lemberani komitiyo, mufunsenso ngati pali inshuwalansi ya ovulala mu kafukufukuyo. Buku la kuchipatala ndi zithunzi za X-ray musapereke zenizeni kwa wina aliyense, jambulitsani. Medical Council of Malawi imalanga madokotala olakwa, koma ndalama za chipukuta misozi muzifunafuna kukhoti.

Wodandaula pa mlanduwu ndi amuna anu, si inu, si alamu, si mwini mbumba, ndiye apite okha kwa loya sabata ino. Ngati ndalama palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osowa ndalama za loya, ku Blantyre, ndipo mawu oyamba mukafika akhale tsiku la opaleshoni. Wina akabwera ndi ndalama yoti “yothandizira thiransipoti” limodzi ndi pepala loti musaine, musasaine loya asanaliwerenge. Mwini lole ndi inshuwalansi yake ndi mlandu wapadera, nawonso uli ndi malire a nthawi, choncho tengani lipoti la apolisi. Bambowo ali ndi ufulu wotuluka mu kafukufuku osataya chithandizo, ndiye achibale asawaletse kupita kuchipatala poopa kuti awononga mlandu. Mafinya a m'fupa sadikira khoti.