Mafunde amene akukana kuzilala mu pulogalamu yanu

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene pulogalamu yanu yotsata phokoso pansi pa nyanja imayamba bwinobwino, koma ikafika patali manambala n'kufufuma mpaka kusokonekera, chonsecho mwagwiritsa ntchito Padé, njira yoyerekezera square root ndi kachigawo (fraction). Ine ndikukayikira square root yomweyo, osati kalembedwe kanu.

Mukamatsata mafunde opita mbali imodzi, mumakumana ndi √(1+X), ndipo X yo si nambala wamba koma operator, lamulo la masamu logwira ntchito pa funde lonse, choncho kompyuta siingaiwerengere mwachindunji. Njira yachidule ndi 1 + X/2, imene Jon Claerbout ankagwiritsa ntchito pa mafunde a pansi pa nthaka, yodziwika kuti ya madigiri 15 poti imalondola funde likapendekeka pang'ono chabe. Funde likapendekeka kwambiri, imaphonya. Pa madigiri 45, X ndi −0.5, yankho lenileni ndi 0.707, iyo imapereka 0.75. Kachigawo ka (1 + 3X/4)/(1 + X/4), kotsatira njira ya Henri Padé ya mu 1892, kamapereka 0.714. Mpake anthu amakakonda.

Koma taikani X = −2. Square root yeniyeni ikupatsani i, nambala ya imaginary (square root ya −1), kutanthauza kuti fundelo ndi la evanescent, liyenera kuzilala msangamsanga. Kachigawo kaja kakupatsani −1, nambala yeniyeni, ndiye funde loyenera kufa limangoyendabe ngati palibe chachitika. Pa X = −4 pansi pake pamasanduka ziro. Kuwonjezera zigawo sikuchiza, chifukwa ma pole onse, malo amene pansi pake pamasanduka ziro, amangondandalika pa mzere wa manambala enieni kumunsi kwa −1. M'madzi okhaokha mwina mungaone ngati tizinyalala chabe pa chithunzi. Mukaikamo miyala ya pansi yokhala ndi shear, mafunde ogwedeza mwalawo chopingasa, pamenepo ndi pomwe zimaphulikira.

Mankhwala ake ndi kulola ma coefficient, manambala ochulukitsa X mu zigawozo, akhale complex, kutanthauza okhala ndi mbali ya imaginary. Michael Collins, amene analemba pulogalamu ya RAM yotsata phokoso pansi pa nyanja, ankasiyako pang'ono kulondola n'kuikapo malamulo okakamiza mafundewo kuzilala. Mu 1997 Milinazzo, Zala ndi Brooke anaonetsa njira imene ndimaiona yosavuta kulemba: mumazunguza branch cut, mzere umene square root imadukira, ndi ngodya θ kuichotsa pa mzere uja, kenako n'kuchita Padé.

Musaizunguze mopyola muyeso muli ndi zigawo zochepa, poti mafunde abwinowo nawo amayamba kulakwika, ena n'kumakula pang'onopang'ono. Musanathamangitse pulogalamu yonse, jambulani mbali ya imaginary ya kachigawo kanu kuyambira X = −10 kufika 1, muone ngati pali pamene yatsika pansi pa ziro.